Kodi tiyambe kugawa timabotolo ta FIT pamene mzere wa colonoscopy ndi wautali?

Bambo Mbewe, dokotala wa pachipatala chaching'ono

Moni kwa nonse a m'gulu lino. Ndabweretsa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha inu amene mumagwira ntchito ya matenda a m'matumbo kuti mundithandize maganizo. Pachipatala chathu, pamene anthu amafikira poyamba akamva kuti m'thupi simuli bwino, tapatsidwa mwayi wolandira timabotolo ta FIT, toyezera magazi obisika m'chimbudzi, kuti tiyambe kupima khansa ya m'matumbo akuluakulu mwa anthu amene sakudwala chilichonse. Anzanga akondwera nazo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, popeza khansa imeneyi ndi yachitatu pa khansa zofala padziko lonse ndiponso yachiwiri pa khansa zopha anthu ambiri. Mu 2020 anthu pafupifupi 1.9 miliyoni anapezeka nayo, ndipo oposa 900,000 anamwalira. Chimene chikundivuta n'chakuti munthu akapezeka ndi magazi m'chimbudzi ayenera kukaunikidwa m'matumbo ndi kamera yolowera kumbuyo, njira yotchedwa colonoscopy, koma kumene timatumiza odwala athu amadikira miyezi yambiri. Kodi n'kwanzeru kuyamba kuyeza pamene sitikutsimikiza kuti amene apezeke ndi magazi adzaunikidwa pa nthawi yake, kapena tiyambe tadikira?

Mayi Nabanda, namwino

Bambo Mbewe, ine ndikuti yambani mawa lomwe. Ndakhala pa unamwino zaka zambiri, ndipo pali bambo ena amene sindiwaiwala. Anali ndi zaka 52, ndipo anabwera katatu m'chaka chimodzi akudandaula kuti akuona magazi pochita chimbudzi. Ulendo uliwonse ankawalembera kuti ali ndi mudzi, n'kuwapatsa mankhwala opaka ndi ofewetsa chimbudzi. Ulendo wachinayi anabwera ataboola mabowo awiri atsopano palamba wawo chifukwa cha kuwonda, zikhatho zili zoyera mbee. Dokotala atawapima ndi chala, chotupa chinali pafupi pomwepo, pamene chala chikanachikhudza kalekale. Bambo aja sanathe chaka. Tikanakhala ndi FIT nthawi imeneyo, mwina ana awo akanakhala nawo mpaka lero.

Dokotala Phiri, wa matenda a m'mimba ndi m'matumbo

Mayi Nabanda, nkhani yanu yandikhudza mtima, ndipo musandione ngati ndikukutsutsani, koma bambo amenewo sanamwalire chifukwa chosowa FIT. Anabwera okha ndi chizindikiro m'manja, ndipo chimene chinasowa pa ulendo woyamba chinali chala cha wopima ndi kalata yowatumiza kukaunikidwa. Pali ntchito ziwiri zimene timazisakaniza kawirikawiri. Ina ndi kupima anthu athanzi, amene alibe dandaulo lililonse, pofuna kupeza khansa isanaonekere. Ina ndi kufufuza munthu amene wabwera ndi magazi m'chimbudzi, kapena amene kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha kwa milungu ingapo, kapena amene akuwonda popanda chifukwa, kapena amene ali ndi chotupa chogwirika m'mimba. Pamenepa ndiwonjezepo chizindikiro chimene chimatipulumuka kwambiri, chomwe ndi kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi mwa mwamuna wamkulu kapena mwa mayi amene anasiya kusamba. Khansa ya mbali ya kumanja kwa thumbo imataya magazi pang'onopang'ono osaoneka ndi maso, ndipo munthu wotere tikangomupatsa mapiritsi a ayironi osafunsa kumene magaziwo akupita, timakhala tikubisa khansa ndi manja athu.

Anthu a zizindikiro amenewa ndi amene ayenera kukhala patsogolo pa mzere wa colonoscopy, ndipo funso la Bambo Mbewe likuyambira pamenepo. Mukatsegula kupima kwa anthu athanzi musanawerengere, mukhoza kudzaza mzere ndi anthu amene ambiri mwa iwo alibe khansa, ndipo bambo onga amene Mayi Nabanda awafotokoza adzadikira nthawi yaitali kuposa kale.

Mayi Nabanda

Ndavomera, a Dokotala. Ndinasakanizadi zinthu ziwirizo. Koma kodi FIT ilibe ntchito kwa munthu wa zizindikiro?

Dokotala Phiri

Ili nayo, ndipo yaikulu. Ku England bungwe la NICE limalangiza madokotala a zipatala zoyambirira kugwiritsa ntchito FIT posankha amene atumizidwe mwachangu, ndipo malire ake ndi otsika kwambiri, ma microgram 10 a hemoglobin, chinthu chofiira cha m'magazi, pa galamu imodzi ya chimbudzi. Koma chotupa chikagwirika ndi chala kumathero kwa thumbo, palibenso choyembekezera zotsatira za kabotolo.

Bambo Tembo, wa ku labotale

Ndiloleni ndinenepo za kabotolo kameneka, chifukwa kamadutsa m'manja mwanga tsiku ndi tsiku. Njira yakale ya guaiac inkafuna kuti munthu apake chimbudzi pakadi maulendo atatu osiyana ndiponso asale zakudya zina monga nyama yofiira, chifukwa inkatha kusokonezedwa ndi magazi a nyama. FIT imazindikira hemoglobin ya munthu yekha, choncho palibe chosala, ndipo kamodzi n'kokwanira. Pachivundikiro pali kamtengo kamene kunsonga kwake kuli timizere. Munthu amakanda pamwamba pa chimbudzi mpaka timizere tija tadzaza, n'kubwezera kamtengo m'botolo muli madzi osungira, n'kutseka mpaka kumva kuti kalira. Mavuto amene ndimakumana nawo ndi ooneka aang'ono koma amawononga ntchito yonse. Ena amadzaza kabotolo poganiza kuti chambiri ndiye chabwino, ena amataya madzi aja, ndipo ambiri salemba tsiku. Hemoglobin imawonongeka ikakhalitsa, makamaka pamalo otentha, moti kabotolo kamene kagona masiku ambiri m'thumba la malaya kapena pawindo kakhoza kunena kuti mulibe magazi pamene anali momwemo. Bambo Mbewe, musanagawe ngakhale kamodzi, dziwani kuti timabotolo tidzafika bwanji kwa ife ndiponso m'masiku angati.

Chachiwiri n'chakuti FIT ya m'makina imapereka nambala, osati inde kapena ayi chabe, ndipo malire a nambala imeneyo amaikidwa ndi anthu, osati ndi makina.

Dokotala Phiri

Bambo Tembo agwira pamutu pa nkhani, ndipo pamenepa ndikufuna kukhalitsapo. Dziko la Netherlands linakumana ndi vuto lomwe Bambo Mbewe akuliopa. Linayamba kupima anthu m'dziko lonse mu January 2014 ndi malire a ma microgram 15, ndipo m'miyezi yochepa anthu opezeka ndi magazi anachuluka kuposa mmene anayembekezera, mizere ya colonoscopy n'kutalika. Sanaimitse ntchitoyo. Pakati pa chaka chomwecho anakweza malire kufika pa 47, kuti amene atumizidwe akhale ochepa koma a chiopsezo chachikulu, ndiponso ankaitana anthu m'magulu a zaka zobadwa pang'onopang'ono. N'zoona kuti ukakweza malire umaphonya ena, makamaka a tizotupa timene sitinasanduke khansa, koma kuphonya kumeneko umakudziwa ndipo umakuchepetsa poyezanso pakapita zaka ziwiri. N'kosiyana kwambiri ndi kuuza munthu kuti m'chimbudzi mwake muli magazi kenako n'kumusiya chaka chathunthu osagona tulo.

Ndikunena za nthawi chifukwa inayezedwa. Kafukufuku wa bungwe la zipatala la Kaiser Permanente ku California, amene anafalitsidwa mu 2017, anasonyeza kuti anthu amene anaunikidwa patapita miyezi 10 kapena kuposerapo chipezekereni magazi anali ndi chiopsezo chokulirapo chopezeka ndi khansa, ndiponso khansa yofika patali, poyerekeza ndi amene anaunikidwa m'mwezi woyamba. Bungwe lomwelo kumpoto kwa California ndi limene linasonyeza mphamvu ya dongosolo: potumiza timabotolo kunyumba za anthu chaka ndi chaka ndi kulondola aliyense wopezeka ndi magazi, chiwerengero cha opimidwa chinakwera kuchoka pa 39 peresenti mu 2000 kufika pafupifupi 83 peresenti mu 2015, ndipo imfa za khansa imeneyi zinatsika ndi theka. Kabotolo kawo sikanali kodabwitsa kuposa kanu. Anali ndi buku la mayina, munthu woimba foni, ndi malo osungidwiratu kuchipinda chounikira.

Choncho yankho langa, Bambo Mbewe, ndi lakuti mupite kaye kwa amene amachita colonoscopy mukawafunse kuti angakupatseni malo angati pamwezi popanda kuchedwetsa odwala a zizindikiro. Nambala imeneyo ndiyo ikuuzeni kuchuluka kwa timabotolo togawa, zaka za anthu oyambira nazo, ndi malire oti Bambo Tembo aike.

Bambo Gondwe, wophunzitsa za umoyo

A Dokotala, ndili ndi chikaiko chimene ndachimvanso kwa anthu ophunzira. Mu 2022 nyuzipepala zambiri zinalemba kuti colonoscopy siichepetsa imfa. Ngati njira yaikuluyo ikukayikitsa, nanga ya kabotolo tiidalire bwanji?

Dokotala Phiri

Mukunena za kafukufuku wa NordICC, wa anthu oposa 84,000 a ku Poland, Norway ndi Sweden. Anayerekeza anthu amene anaitanidwa kukaunikidwa ndi amene sanaitanidwe, ndipo patapita zaka 10 khansa inachepa ndi 18 peresenti mwa oitanidwa, pamene kusiyana kwa imfa kunali kochepa kosatsimikizika. Koma mwa oitanidwawo, 42 peresenti okha ndi amene anapitadi. Anthu 58 pa 100 alionse analandira kalata n'kuisiya, ndipo anawerengedwa pamodzi ndi anzawo. Kwa ine phunziro lake likukomera zipatala zoyambirira: njira yabwino imene anthu akuikana ili ndi phindu lochepa kwa mtundu wa anthu. Za kuyeza chimbudzi umboni wake ndi wakale ndithu. Kafukufuku wa ku Minnesota wa mu 1993 anapeza kuti kuyeza chaka chilichonse ndi njira yakale ya guaiac kunachepetsa imfa ndi 33 peresenti pa zaka 13, ndipo wa ku Nottingham ndi wa ku Funen ku Denmark, onse a mu 1996, anapeza kuchepa kwa 15 ndi 18 peresenti poyeza pa zaka ziwiri zilizonse.

Chifukwa chake kupima kumagwira ntchito pa khansa imeneyi kuposa pa khansa zina zambiri n'chakuti nthawi zambiri imayamba ngati kachotupa konga njerewere m'kati mwa thumbo, kamene timati polyp, ndipo kamatenga zaka 10 kapena kuposerapo kuti kasanduke khansa. Pounika timakakola ndi kawaya n'kukadula pomwepo, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ngakhale khansa itayamba kale, ikapezeka isanatuluke m'thumbo, anthu pafupifupi 90 pa 100 amakhala ali moyo patapita zaka zisanu, pamene ikafalikira kuchiwindi kapena kumapapo otsala amakhala ochepera 20 pa 100. Sindibisa kuti FIT imodzi imaphonya pafupifupi khansa imodzi pa zinayi zilizonse, ndipo tizotupa tambiri sitituluka magazi, n'chifukwa chake siyezedwa kamodzi kokha pa moyo koma mobwereza, chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri. Colonoscopy nayo ili ndi ngozi zake, monga kutaya magazi pamene padulidwa kapena kuboola thumbo, ngakhale kuti kuboolako kumachitika mwa apo ndi apo, mwa anthu osakwana mmodzi pa 1,000 opimidwa. Zonsezi munthu ayenera kuuzidwa asanalandire kabotolo.

Mayi Nachisale

Pepani akuluakulu, ine si wachipatala, ndinalowa m'gulu lino pamene ndinkadwazika bambo anga. Anapezeka ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 54 ndipo anatisiya patangopita miyezi isanu ndi itatu. Pa nthawi yonse ya matenda palibe amene anatifunsa ife ana kuti tili ndi zaka zingati kapena kutiuza kuti nafenso tikapimidwe. Ndili ndi zaka 41, ndipo mchemwali wa bambo anamwaliranso ndi khansa ya m'chiberekero ali ndi zaka za m'ma 40. Kodi kabotolo kameneka kakundikhudza, kapena ndidikire mpaka zaka 50?

Dokotala Phiri

Pepani kwambiri, Mayi Nachisale, ndipo mwachita bwino kufunsa. Musadikire, ndiponso kabotolo si njira yanu yoyamba. Malangizo a madokotala a ku United States amati munthu amene kholo lake, m'bale wake wa bere limodzi kapena mwana wake anapezeka ndi khansa imeneyi asanakwanitse zaka 60, ayambe colonoscopy pa zaka 40, kapena kutatsala zaka 10 kuti afike pa msinkhu umene wachibaleyo anapezeka nayo, potengera chimene chayamba kufika, ndipo azibwereza pa zaka zisanu zilizonse. Mayiko ena amayamba mochedwerapo, koma zimene mwanena za azakhali anu zikusintha nkhani. Khansa ya m'matumbo ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero zikapezeka m'banja limodzi mwa anthu osakalamba, timaganizira matenda akumtundu otchedwa Lynch syndrome, amene amachititsa pafupifupi 3 peresenti ya khansa za m'matumbo. Mwa anthu amenewa kachotupa kamasanduka khansa mofulumira, choncho amaunikidwa chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri, ena kuyambira ali ndi zaka 25. Fufuzani kwa akuluakulu a m'banja ngati khansa ya azakhali inali ya m'kati mwa chiberekero kapena ya khomo la chiberekero, chifukwa ya khomo imayamba ndi kachilombo ka HPV ndipo siikhudzana ndi Lynch. Lembani papepala amene anadwala, mtundu wa khansa ndi zaka zawo, mupite nalo kwa dokotala wanu, ndipo muwauzenso abale anu onse a bere limodzi.

Kwa anzanga a zipatala zoyambirira, zimene zinachitikira banja limeneli zisatipite. Funso lakuti kodi kwanu alipo amene anadwalapo khansa ya m'matumbo, ndipo anali ndi zaka zingati, silifuna makina alionse. Momwemonso munthu amene wakhala ndi matenda otupa m'matumbo otchedwa ulcerative colitis kapena Crohn ya m'thumbo lalikulu kwa zaka zisanu ndi zitatu amayenera dongosolo lake la colonoscopy, osati kabotolo.

Mayi Nachisale

Zikomo kwambiri, a Dokotala. Ndiwaimbira amalume usiku uno, ndiwo amasunga mapepala akale a kuchipatala.

Bambo Gondwe

Poti nkhani ya zaka yatchulidwa, ndifunseko. Ku United States gulu la USPSTF, la akatswiri olangiza za kupewa matenda, linatsitsa zaka zoyambira kuchoka pa 50 kufika pa 45 mu 2021, potsatira American Cancer Society imene inatero mu 2018, chifukwa khansa imeneyi ikuchuluka mwa anthu osakwana zaka 50. Ambiri anadzidzimuka pamene Chadwick Boseman anamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43. Kodi Bambo Mbewe asayambire pa 45?

Bambo Mbewe

Ndayamba kuona kuti kwa ife ayi, Bambo Gondwe. Ngakhale ikukwera mwa achinyamata, khansa zambiri zikupezekabe mwa anthu opitirira zaka 50, ndipo mayiko ambiri a ku Ulaya amapima kuyambira 50 kapena 55 mpaka cha m'ma 74. Malo ounikira akakhala ochepa, ndi bwino kuyambira pamene khansa yachuluka. Wachinyamata timuteteze pomumvera akabwera ndi magazi, osangoti ndi mudzi kapena kamwazi chifukwa cha msinkhu wake.

Bambo Gondwe

Ndamva. Ndiye ndiike gawo langa, la kupewa, chifukwa limeneli silidikira mzere uliwonse. Mu October 2015 bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaika nyama zokonzedwa kuti zikhalitse, monga masoseji, bekoni ndi hamu, m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ndipo linati kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi pafupifupi 18 peresenti. Nyama yofiira inaikidwa m'gulu la zimene mwina zimayambitsa. Pophunzitsa ndimasamala kuti anthu asamve ngati soseji ndi yoopsa mofanana ndi fodya, chifukwa gululo likunena za kulimba kwa umboni, osati kukula kwa ngozi. Mowa, fodya, kunenepa kwambiri, matenda a shuga ndi kukhala tsiku lonse osayendayenda zimakweza chiopsezo, pamene mbewu zosapuntha, nyemba, masamba, zipatso ndi kulimbitsa thupi zimachitsitsa. Koma ndaonapo anthu osamwa, osasuta, odya bwino, akudwala khansa imeneyi, choncho sindilola munthu kunena kuti poti amadzisamala safunika kupimidwa.

Anthu amandifunsanso za aspirin. Ndiwayankhe bwanji?

Dokotala Phiri

Asayambe okha. Kwa anthu a Lynch syndrome, kafukufuku wa CAPP2 wotsogozedwa ndi John Burn wa ku Newcastle anasonyeza kuti aspirin imachepetsa khansa ya m'matumbo, ndipo amapatsidwa moyang'aniridwa ndi dokotala. Kwa anthu wamba, USPSTF mu 2022 inachotsa kupewa khansa imeneyi pa zifukwa zomwera aspirin, ndipo kwa okalamba ngozi yotaya magazi m'mimba ndi yeniyeni. Ena adzakufunsaninso za kuyeza magazi a pamkono, monga Shield imene inavomerezedwa ndi FDA, bungwe loona za mankhwala ku United States, mu 2024. Imapeza khansa 83 pa 100 koma tizotupa toopsa 13 pa 100 tokha, ndipo ikaonetsa chinachake munthu amabwerera pa mzere womwewo wa colonoscopy.

Mayi Nabanda

Chimodzi chimene sitinachikhudze ndi manyazi. Munthu wamkulu ukamupatsa kabotolo pagulu n'kutchula chimbudzi, amakalandira mwaulemu, n'kukakaponya m'dirowa kunyumba. Ine ndimamulowetsa m'chipinda, ndimatsegula kabotolo kachitsanzo pamaso pake, ndimamugwiritsa kamtengo kaja kuti aone kuchepa kwa chimene tikufuna, ndipo ndimamuuza kuti ayale pepala kuti chimbudzi chisagwere m'madzi. Amayi ndimawauza kuti asayeze ali kumwezi. Ndisanamupatse ndimamufunsa funso limodzi mosabisa: magazi akapezeka, kodi mudzalola kumwa mankhwala otsuka m'mimba ndi kukaunikidwa ndi kamera yolowera kumbuyo? Ena amakhala chete kanthawi, kabotolo akukatembenuza m'manja, kenako amati alola. Amene wakaniratu ndimacheza naye kaye ulendo wina, chifukwa kumupatsa kabotolo tsiku limenelo n'kumusenzetsa nkhawa yopanda potulira.

Bambo Mbewe

Zikomo nonse, ndapeza poyambira. Lolemba ndikakumana ndi anzathu ounika kuti tigwirizane malo a pamwezi, odwala a zizindikiro atapatulidwiratu awo. Tiyamba ndi anthu a zaka 55 mpaka 69, ndipo tidzakulitsa malo akachuluka. Pakhala buku limodzi, la namwino mmodzi, lolembamo tsiku limene kabotolo kaperekedwa, tsiku limene kabwerera, zotsatira, ndi tsiku la colonoscopy, ndipo dzina silitsekedwa mpaka lipoti la kuunika litafika patebulo panga. Funso la khansa ya m'banja tiliika pakhadi la munthu wamkulu aliyense. Chotsala chimodzi: munthu akapezeka ndi magazi koma ali ndi mudzi woonekeratu, kodi ndingabwereze FIT pakatha mwezi kuti ndisadzaze mzere?

Dokotala Phiri

Ayi, musabwereze. Chotupa chimatulutsa magazi mwa apo ndi apo, lero inde, mawa ayi, moti kabotolo kachiwiri kakhoza kubwera koyera khansa ili momwemo, ndipo inu ndi wodwalayo mudzakhulupirira chachiwiricho chifukwa ndicho mukuchifuna. Mudzi ndi khansa zimatha kukhala mwa munthu mmodzi. Mulembeni m'buku lija ndipo mumutumize.

Bambo Tembo

Ndipo pakabotolo kalikonse mulembepo nambala ya foni yachiwiri, ya mwana kapena ya mnansi. Mwa zotsatira zimene zimagona kwa ife osatengedwa, zambiri zimakhala za anthu amene nambala yawo yasiya kulira.